Njanji ya Second Avenue: Lonjezo Lomwe Lidadikira Zaka Pafupifupi 100

Mzinda wa New York, m'dziko la United States of America, uli ndi sitima zoyenda pansi panthaka zomwe zimanyamula anthu mamiliyoni angapo tsiku lililonse. M'kati mwa mzindawu muli chilumba chotchedwa Manhattan, chomwe ndi chachitali koma chowonda ngati bwato. Misewu ya pachilumbachi idatchedwa mwadongosolo ngati mizere ya m'munda. Ikuluikulu, yomwe eniake amaitcha avenue, imachokera kumwera kunka kumpoto, pamene ing'onoing'ono, yotchedwa street, imadutsa chopingasa ndipo imadziwika ndi manambala omwe amanka nakula munthu akamalowera kumpoto. Umodzi mwa misewu ikuluikuluyo ndi Second Avenue, womwe uli chakum'mawa kwa chilumbachi. Pansi pa msewu umenewu ndipo padagona lonjezo lomwe lidakalambitsa mibadwo itatu ya anthu lisanakwaniritsidwe, ndipo ngakhale pokwaniritsidwapo lidangokwaniritsidwa kachigawo chabe.

Kuti nkhani ya njanjiyi imveke bwino, mpofunika kuyamba ndi njanji ina yomwe sidachedwe. Ntchito yomanga njanji yoyamba yapansi panthaka mu New York idayamba m'mwezi wa Malichi m'chaka cha 1900. Injiniya wamkulu adali William Barclay Parsons, ndipo kontrakitala wina dzina lake John B. McDonald adavomera kugwira ntchitoyo pa mtengo wa madola 35 miliyoni. Pa 27 Okutobala 1904 sitima zidayamba kuyenda kuchokera ku City Hall kukafika ku 145th Street, mtunda wa makilomita oposa 14, wokhala ndi masiteshoni 28. Zonsezi zidatheka m'zaka zinayi ndi theka, panthawi yomwe zida zodalirika zidali piki, fosholo, ngolo ndi zophulitsira miyala.

Liwiro limeneli lidali ndi zifukwa zake, ndipo si zonse zomwe zili zosiririka. M'malo ambiri amisiri ankangong'amba msewu kuchokera pamwamba, kukumba ngalande yosazama, kuyala njanji, kenaka n'kuvindikira ngalandeyo ndi zitsulo ndi simenti. Eni masitolo omwe makomo awo adatsekeka ndi milu ya dothi adalibe kodandaulira kwenikweni. Okumbawo ambiri adali anthu obwera kumene kuchokera ku Italy ndi ku Ireland, omwe ankalandira malipiro ochepa pa ntchito yoika moyo pachiswe. M'chaka cha 1903 denga la ngalande lidagwa ku Fort George ndipo lidapha anthu khumi. Njanji yoyambayo idatsika mtengo chifukwa gawo lina la mtengowo adalipira ndi anthu osauka, ena ndi thukuta, ena ndi moyo.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, mzindawo unkakula mofulumira kwambiri. M'chaka cha 1920 injiniya wina wa boma, Daniel L. Turner, adatulutsa pulani ya njanji zatsopano, ndipo mwa njanjizo mudali ya pansi pa Second Avenue. Padapita zaka zisanu ndi zinayi akuluakulu akukambirana. Potsiriza, m'mwezi wa Sepitembala 1929, bungwe loona zamtengatenga mumzindawo lidalengeza kuti njanjiyo imangidwa, ndipo mtengo wake udayerekezedwa kukhala madola 86 miliyoni. Mwezi wotsatira womwewo msika wa masheya wa ku Wall Street udagwa. Mabanki adatsekedwa, mafakitale adaleka kugwira ntchito, ndipo anthu miyandamiyanda adachotsedwa ntchito. Mzinda womwe unkavutika kulipira aphunzitsi ndi apolisi sukadatha kuyamba kukumba ngalande yatsopano. Mavuto a zachumawo asanathe bwinobwino, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idabuka, ndipo zitsulo ndi amisiri zidapita ku ntchito za nkhondo.

Komatu sikoyenera kusenzetsa mlandu wonse mavuto ochokera kunja. M'kati mwa mzinda momwemo mudali chilonda china chomwe chinkanyeka pang'onopang'ono, ndicho mtengo wokwerera sitima. Kuyambira 1904 munthu ankalipira masenti asanu pa ulendo uliwonse, utalike ufupike. Mitengo ya malasha, zitsulo ndi malipiro a antchito idakwera kangapo konse, koma masenti asanu aja sadasunthe. Wandale aliyense ankadziwa kuti kukweza mtengowo kudali kudzikumbira manda pachisankho. Makampani awiri omwe ankayendetsa sitima zambiri adafooka, mpaka m'chaka cha 1940 boma la mzinda lidawagula n'kutenga njanji zonse pamodzi ndi mavuto ake. Mtengo uja udakwezedwa koyamba m'chaka cha 1948, patatha zaka 44. Zaka zonsezo anthu ankakondwa kuti akukwera sitima motchipa, osadziwa kuti akudya mbewu yomwe ikadabzalidwa.

Cholakwa chachikulu koposa chidachitika panthawi yomweyi. Kum'mawa kwa Manhattan kudali njanji ziwiri zakale zoyenda pamwamba pa misewu, zokhazikika pa mizati yachitsulo, ina pa Second Avenue ina pa Third Avenue. Zidali zaphokoso, zinkatchinga dzuwa, ndipo eni nyumba ankadana nazo chifukwa zinkatsitsa mitengo ya nyumba zawo. Ngakhale zidali choncho, zinkanyamula anthu ambirimbiri. Pokhulupirira kuti njanji yapansi ili pafupi kubwera, akuluakulu adatseka njanji ya pa Second Avenue, chigawo china m'chaka cha 1940 ndipo chotsalacho m'chaka cha 1942. Ya pa Third Avenue idatsekedwa mu Manhattan m'chaka cha 1955. Akale adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anthu a kum'mawa kwa chilumbachi adalandidwa zomwe adali nazo m'manja posinthanitsa ndi chinthu chomwe chidali papepala, ndipo adatsala ndi njanji imodzi yokha, ya pansi pa Lexington Avenue.

Nkhondo itatha chiyembekezo chidadzukanso, koma mtengo udali utakwera kale kupitirira madola 500 miliyoni. M'chaka cha 1949 kampani ya Budd idapanga mabogi khumi achitsulo chosachita dzimbiri, okonzedwera njanji ya Second Avenue. Bogi iliyonse idadya madola 100,000, ndipo anthu adaitcha sitimayo dzina loti sitima ya madola miliyoni imodzi. Mabogiwo adayenda m'njanji zina, adakalamba, napumitsidwa, osapondako pa njanji yomwe adapangidwira. Mwana adamugulira zovala mimba isanaoneke n'komwe.

M'chaka cha 1951 anthu adavota kuvomereza kuti mzinda ukongole madola 500 miliyoni, ambiri akumva kuti ndalamazo n'zomangira njanji ya Second Avenue. Ndalama zidapezekadi, koma gawo lalikulu lidathera pa kukonza njanji zakale, kugula mabogi ndi kutalikitsa masiteshoni. Nkhondo ya ku Korea idakwezanso mitengo ya zipangizo. Kunena mwachilungamo, akuluakulu omwe adapatutsa ndalamazo sadazibe ayi. Njanji zakale zidali zitatha chifukwa cha zaka zambiri za kusasamalidwa, ndipo munthu sayamba kumanga chipinda chatsopano denga la nyumba likudontha. Chomwe sadachite ndi kuuza ovota poyera kuti lonjezo lomwe adavotera silikadatheka ndi ndalama zimenezo. Tsono kuyambira pamenepo dzina la njanjiyi lidasanduka nthabwala mumzindamo. Wofuna kunena kuti ngongole sadzabweza ankangoti adzabweza njanji ya Second Avenue ikadzatha. Kuwonjezera apo, zaka zimenezo zidali za galimoto, ndipo ndalama zambiri za boma zinkapita ku misewu ikuluikulu ndi milatho.

Mpata wachitatu udadza m'chaka cha 1967, pamene anthu a m'chigawo chonse cha New York adavomereza ngongole ya madola 2.5 biliyoni ya ntchito zamtengatenga. Chaka chotsatira sitima za mumzindawo zidaikidwa pansi pa bungwe la Metropolitan Transportation Authority, lomwe mwachidule limatchedwa MTA. Pa 27 Okutobala 1972, tsiku lokumbukira kuti patha zaka 68 chitsegulire njanji yoyamba ija, bwanamkubwa Nelson Rockefeller ndi mfumu ya mzinda John Lindsay adatsogolera mwambo woyambitsa ntchito pa 103rd Street. Miyambo ina yotere idachitikanso m'zaka za 1973 ndi 1974 m'malo ena a msewuwo. Ulendo uno ntchito idayambadi, dothi lidatuluka, simenti idathiridwa.

Mwatsoka, chuma cha mzinda chidali chitadwala kale. Mafakitale ankasamuka, mabanja opezako bwino ankapita kukakhala kunja kwa mzinda ndi misonkho yawo, ndipo boma la mzinda linkatseka mipata ndi ngongole zobweza msanga. M'chaka cha 1975 mabanki adakana kukongozanso mzindawo, ndipo New York idatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake. Pulezidenti Gerald Ford poyamba adakana kuthandizapo. Abraham Beame, yemwe adalowa m'malo mwa Lindsay, adaimitsa ntchito ya pa Second Avenue. Zomwe zidatsala ndi zidutswa zitatu za ngalande zosalumikizana: china kuchokera ku 99th Street kufika ku 105th Street, china kuchokera ku 110th Street kufika ku 120th Street, ndipo chachitatu kumwera, pafupi ndi Chinatown. Zidutswazi zidatsekedwa, koma sizikadangosiyidwa, poti ngalande ikagumuka msewu ndi nyumba zapamwamba pake zimatitimira. Motero kwa zaka zoposa makumi atatu antchito ankatsikirako kukaziyendera ndi kupopa madzi. Mzinda unkalipirira njanji yopanda sitima.

M'zaka za m'ma 1980 palibe yemwe akadalimba mtima kukamba za njanji yatsopano. Sitima zinkafa panjira kawirikawiri, zitseko zinkakana kutseguka, ndipo mabogi adali olembedwalembedwa ndi penti kunja ndi m'kati momwe. Richard Ravitch, yemwe adali wapampando wa MTA kumayambiriro kwa zaka zimenezo, adalimbikira kupeza ndalama zokonzera zomwe zidalipo kale, ndipo adachita bwino kutero. Koma sitima zitayambanso kudalirika, anthu adabwerera mwaunyinji, ndipo katundu yense wa kum'mawa kwa Manhattan adagwera njanji imodzi ija ya Lexington Avenue. Idafika ponyamula anthu pafupifupi 1.3 miliyoni pa tsiku. M'mamawa munthu ankatha kuona sitima ziwiri kapena zitatu zikudutsa zitadzaza thothotho asanapeze poponda phazi. Mtengo umenewu wa kuchedwa sudalembedwe m'buku lililonse la ndalama, koma adaulipira ndi anamwino, ophika, ana asukulu ndi alonda, mphindi zingapo m'mawa ndi madzulo, kwa zaka makumi asanu ndi limodzi.

Kafukufuku watsopano adayamba m'chaka cha 1995, ndipo kuunika momwe ntchitoyo ingakhudzire anthu ndi chilengedwe kudatha m'chaka cha 2004. Pulani yomwe idatuluka idali ya njanji ya makilomita pafupifupi 14, ya masiteshoni 16, yochokera ku 125th Street ku Harlem kukafika ku Hanover Square kumwera kwa chilumba. Pophunzirapo pa zomwe zidachitika m'chaka cha 1975, okonza pulani adaigawa ntchitoyo m'zigawo zinayi, kuti ndalama zikadzathanso padzakhale potsala pomwe sitima zingayende. M'chaka cha 2005 ovota adavomereza ngongole ina, ndipo pambuyo pake boma lalikulu ku Washington lidalonjeza madola 1.3 biliyoni. Mwambo woyambitsa ntchito udachitikanso pa 12 Epulo 2007, ulendo uno pansi panthaka, m'chidutswa cha ngalande chomwe chidasiyidwa pa 99th Street.

Zaka zoyambirira zidathera pa ntchito yosaoneka. Pansi pa msewu wa mumzinda wakale pamakhala mapaipi a madzi, a gasi, a nthunzi ndi a zonyansa, komanso nthambo za magetsi ndi za telefoni, zina zoikidwa kalekale ndipo zosapezeka pa mapu alionse. Zonsezi zidayenera kusunthidwa popanda kudula madzi kapena magetsi a anthu. Nyumba zina zakale zidapezeka kuti n'zofooka moti zidafunika kulimbitsidwa kaye. Makina aakulu oboola thanthwe, olemera matani 485, adayamba ntchito m'mwezi wa Meyi 2010 ndipo adamaliza ngalande ziwiri m'mwezi wa Sepitembala 2011. Anthu okhala m'mbali mwa msewuwo adalawa fumbi, phokoso ndi mipanda yotchinga masitolo, ndipo amalonda ena adatseka osadzatsegulanso. Walira mvula walira matope. M'mwezi wa Ogasiti 2012 kuphulitsa miyala kudalakwika pa 72nd Street, ndipo miyala idaulukira mumsewu n'kuswa mawindo.

Poyamba chigawo choyambachi chinkayembekezeka kutha cha m'ma 2013 pa mtengo wa madola 3.8 biliyoni. Tsikulo lidasunthidwa kangapo, mpaka bwanamkubwa Andrew Cuomo adaumirira kuti chaka cha 2016 chisathe ntchito isanathe. Sitima zidayamba kunyamula anthu pa 1 Januwale 2017, patatha zaka 97 chitulutsire Turner pulani yake. Chomwe chidatsegulidwa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi atatu, wokhala ndi masiteshoni atsopano atatu, pa 72nd Street, pa 86th Street ndi pa 96th Street. Ndalama zomwe zidalowa zidakwana pafupifupi madola 4.5 biliyoni.

Apa pali mfundo yomwe ambiri amaiphonya. Kusiyana kwa madola 3.8 biliyoni ndi 4.5 biliyoni n'kwakukulu ndithu, koma pa ntchito zamtunduwu sikodabwitsa. Katswiri wina wa ku Denmark, Bent Flyvbjerg, ndi anzake adafufuza ntchito 258 zamtengatenga m'maiko osiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2002 adaonetsa kuti ntchito zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zimapyola mtengo wolonjezedwa, ndiponso kuti za njanji zimapyola ndi pafupifupi 45 peresenti. Iwo adaona kuti kulakwitsaku kumapendekera mbali imodzi nthawi zonse, zomwe zikusonyeza kuti ofuna ntchito ivomerezedwe amatchula mtengo wotsika mwadala. Ngakhale mzinda wa London, womwe udatsegula njanji yoyamba yapansi panthaka padziko lonse m'chaka cha 1863, udakumana nazo zomwezi: njanji ya Crossrail idayenera kutsegulidwa mu Disembala 2018 koma idatsegulidwa mu Meyi 2022, mtengo utakwera kuchoka pa mapaundi 14.8 biliyoni kufika pafupifupi 19 biliyoni. Chodabwitsa cha Second Avenue si kupyola kwa mtengo ayi, koma kukula kwa mtengo woyambirirawo. Nyuzipepala ya New York Times idawerengera m'chaka cha 2017 kuti mailo imodzi ya njanjiyi idadya madola 2.5 biliyoni, pamene ntchito yofanana nayo yotalikitsa njanji ya nambala 14 ku Paris inkadya madola 450 miliyoni pa mailo. Paris nawo ndi mzinda wakale, wothithikana, wa antchito olipidwa bwino ndi mabungwe amphamvu a apantchito.

Akuluakulu ena ankaloza chala thanthwe la pansi pa Manhattan, koma thanthwe lolimba ndi bwenzi la woboola ngalande, chifukwa silikhuthukira m'dzenje monga mchenga. Kuboola ngalande kudatha m'miyezi 16 yokha. Ofufuza a pa New York University, omwe adatulutsa zotsatira zawo m'chaka cha 2023, adapeza kuti ndalama zambiri zidamira m'masiteshoni. Awiri mwa masiteshoniwo adasemedwa m'thanthwe ngati mapanga akuluakulu, njira yomwe ndi yodula koma yosavutitsa kwambiri anthu apamwamba. Onse adamangidwa aatali kuposa sitima zomwe zimaimamo, ndipo ya pa 96th Street kutalika kwake kumaposa kawiri kutalika kwa sitima. Malo owonjezerawo adadzaza ndi zipinda, poti nthambi iliyonse ya bungwe loyendetsa sitima inkafuna chipinda chakechake ndipo padalibe woikaniza. Masiteshoni atatuwo sadafanane n'komwe kamangidwe, motero iliyonse idafuna mapulani akeake.

Palinso nkhani ya anthu. Atolankhani aja adapeza kuti pa makina oboolera ngalande ku New York pankaikidwa antchito oposa kawiri chiwerengero cha m'mizinda ina, malingana ndi mapangano a makontrakitala ndi mabungwe a apantchito. Wolipira, yemwe ndi boma, sankakhala nawo pa zokambiranazo. Makampani opikisana pa ntchito zikuluzikulu adali ochepa, ndipo ankakweza mitengo podziwa kuti mapulani adzasinthidwa ntchito ili m'kati. Choopsa kwambiri n'chakuti, popeza mzindawo udakhala zaka zambiri osamanga njanji yaikulu, boma lidatsala ndi mainjiniya ochepa odziwa ntchitoyi. Omwe adamanga njanji zakale adapuma ndi kumwalira opanda owasiyira luso. Tsono kujambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito kudaperekedwa kwa makampani a ulangizi olipidwa ndalama zambiri, ndipo mwini ntchito adasowa munthu wake woti n'kunena kuti ichi n'chosafunika. M'mizinda monga Paris ndi Madrid, momwe kukumba kudapitirira kuchokera pa njanji ina kunka pa inzake, luso limeneli lidasungika m'manja mwa boma. Apa mpamene kuchedwa ndi kukwera mtengo zimakumanirana, pakuti zaka zomwe New York idakhala osamanga ndizo zidaiiwalitsa kamangidwe kotchipa.

Ngakhale zili choncho, njanjiyo itatsegulidwa idagwira ntchito yomwe idamangidwira. Anthu ochuluka adasamukira ku masiteshoni atsopanowo ndipo kuthithikana kwa pa Lexington Avenue kudachepako. Koma kukwera kwa mtengo kuli ndi malipiro ake, chifukwa ndalama zomwe kwina zikadamanga makilomita khumi kapena kuposerapo pano zidamanga atatu. Chigawo chomwe chidatha chimatumikira dera la Upper East Side, limodzi mwa madera olemera kwambiri mumzindawo. Anthu a ku East Harlem, omwe ambiri ndi opeza movutikira ndipo alibe galimoto, ndiwo adatsala akudikirabe, chonsecho njanji yawo yapamwamba ya pa Second Avenue idatsekedwa kale m'chaka cha 1940.

Chigawo chachiwiri n'chofuna kufikitsa njanjiyo ku 125th Street, ndi masiteshoni atatu, pa 106th Street, pa 116th Street ndi pa 125th Street. Mtengo wake udayerekezedwa kufika madola 7.7 biliyoni, ndipo mu Novembala 2023 boma lalikulu lidavomera kuperekapo madola 3.4 biliyoni. Gawo lina la ndalama zotsalazo lidayenera kuchokera ku msonkho wa galimoto zolowa m'kati mwa Manhattan. Mu Juni 2024 bwanamkubwa Kathy Hochul adaimitsa msonkhowo patangotsala milungu yochepa kuti uyambe, ndipo ntchito ya pa Second Avenue idagwedezekanso. Msonkhowo udayamba pa 5 Januwale 2025 utatsitsidwa mtengo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho MTA idavomereza kontrakiti yoboola ngalande, cholinga chili choti sitima zidzafike ku 125th Street m'chaka cha 2032. Malingana ndi pulaniyo, sitima zidzadutsa m'chidutswa chija cha pakati pa 110th Street ndi 120th Street, ndipo siteshoni ya pa 116th Street idzamangidwa m'ngalande yomwe amisiri adaisiya m'chaka cha 1975.